Akathyali Akaba Ndalama Pafoni, Alipire Ndani?



Taganizirani za mayi wa kuno ku Chawama amene amagulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Iye ndi msungichuma wa chilimba cha amayi khumi, ndipo ndalama za mwezi uno, K3,000, zili m'foni mwake kudikira Loweruka. Lachinayi masana foni ikulira. Woyimbayo ndi bambo waulemu, akumutchula dzina lake lonse, akuti ndi wa ku kampani yosunga ndalama. Akuti akaunti yake itsekedwa lero lomwe akapanda kutsimikiza zinthu zina. Mayiyo ali ndi ogula atatu patsogolo, mwana ali kumbuyo akulira. Akudina manambala monga akumuuzira, akuika ndi nambala yake yachinsinsi. Posakhalitsa uthenga ukufika wakuti ndalama zonse zapita kwa munthu amene sanamumvepo chibadwire.

Akapita kukadandaula, yankho ndi lija ambiri a ife talimvapo: "Amayi, PIN munaika nokha." Akabwerera kwa anzake a chilimba, iwo akuti, "Ife tingofuna ndalama zathu." Akafika kunyumba, bambo akufunsa kuti nzeru anazisiya kuti. Motero munthu amene waberedwa ndiye asenza zonse: ngongole, manyazi ndi chitonzo. Kodi chimenechi ndi chilungamo? Ndipo ngati si chilungamo, woyenera kulipira ndani? Tiyeni tilingalire pamodzi, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Tiyambe ndi chimene sitingatsutsane. Wolakwa woyamba ndi wakubayo. Katekisma wa Heidelberg, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu pa Sabata 42, amaphunzitsa kuti Mulungu amayesa umbava ngakhale machenjerero onse olandira nawo chuma cha mnzathu, osati kuthyola nyumba kokha. Wonamiza pafoni ndi mbala yofanana ndi yoboola khoma usiku. Ndipo musaganize kuti nthawi zonse ndi kamnyamata kamodzi kosowa chochita. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission anagwira anthu 77 pa kampani yotchedwa Golden Top Support Services ku Roma, muno mu Lusaka, napeza ma SIM oposa 13,000. Achinyamata athu analembedwa ntchito yonyengerera anthu pafoni, ndipo onamizidwa ena anali kutali monga ku Singapore ndi ku Peru. Mu June chaka chomwecho anthu 22 ochokera ku China anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka kuyambira 7 mpaka 11. Anthu otere amakonzekera mawu awo, amadziwa nthawi imene munthu watanganidwa, amadziwa kuti mantha amatseka mutu. Mayi amene wagwa m'manja mwao si chitsiru.

Wakuba akagwidwa ndi ndalama m'manja, nkhani ndi yosavuta: abweze. Vuto ndi lakuti kawirikawiri sagwidwa, ndipo ndalama amakhala atazitapa kale pa booth ina. Dzenje latsala, ndipo wina mwa otsalawo ayenera kulikwirira: mwini ndalama, banki kapena kampani ya foni.

Mawu a Mulungu sanatisiye mumdima pa nkhaniyi. Werengani Eksodo 22:7-13, pamene pali lamulo la zinthu zosungitsa. Munthu akasungitsa ndalama kwa mnzake ndipo zabedwa, mbala ikapezeka imalipira kawiri. Ikapanda kupezeka, wosungayo amafunsidwa pamaso pa oweruza ngati sanaikepo dzanja lake. Pa ziweto lamulo limasiyanitsa bwino. Chiweto chikabedwa kwa wosunga, iye amalipira. Chikajiwa ndi chilombo, amabweretsa umboni ndipo salipira. Onani nzeru yake: woweruza amafunsa kuti, kodi tsokali likanapewedwa, ndipo anali ndi mphamvu yolipewa ndani? Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba yatsopano akulamulidwa kutchinga m'mphepete mwa denga, kuti wina akagwa mlandu usakhale pa nyumba yake. Wogwayo anaponda yekha molakwika, inde, komabe womanga amafunsidwa za mpanda umene sanamange.

Tsono tiyeni timve mbali ya mabanki ndi makampani, chifukwa woweruza wabwino samvera mbali imodzi. Iwo amati: timachenjeza anthu tsiku ndi tsiku, pawailesi ndi m'mauthenga, kuti nambala yachinsinsi asapatse munthu, ngakhale wodzitcha wantchito wathu. Tikamabwezera aliyense, anthu adzaleka kusamala, ena adzapangana ndi abale awo kunamizira kuberedwa, ndipo ndalama zobwezazo zidzachokera kwa inu nomwe pamene mitengo yotumizira ikwera. Mawu awa ali ndi choonadi mkati mwake, tisawataye. Munthu wamkulu ali ndi udindo pa zala zake.

Koma pali mafunso amene yankho lakuti "PIN munaika nokha" silifikapo. Ndalama zija sizinauluke mumlengalenga. Zinalowa mu akaunti ina, pa nambala imene lamulo la dziko lino limati ilembetsedwe ndi chitupa cha mwiniwake. Analembetsa nambalayo ndani, ndipo anaonetsetsa chitupacho? Nambala imodzi ikamalandira ndalama kwa anthu ambiri osadziwana ndi kuzitapa nthawi yomweyo, amaona zimenezi ndani, mayi wa pamsika kapena makompyuta a kampani? Mayiyo atadandaula msanga, anali ndi mphamvu yoimitsa ndalamazo ndani? Komanso nthawi zonse tikatumiza kapena kutapa, kampani imadulapo zake, ndipo kuyambira mu 2024 boma nalonso limatengapo msonkho pa ndalama zotumizidwa pafoni. Amene amapindula ndi njira imene tonse timadutsamo sangakane udindo wotseka maenje a m'njiramo.

Maiko ena aona kale zimenezi. Ku Britain, kuyambira pa 7 October 2024, munthu akanamizidwa kuti atumize yekha ndalama kwa kathyali, banki iyenera kumubwezera mpaka mapaundi 85,000, nthawi zambiri pasanathe masiku asanu ogwira ntchito. Mtengo wake amagawana pakati ndi pakati banki yotumiza ndi banki yolandira, kuti yolandirayo isamatsegulire mbala maakaunti mwachisawawa. Banki ikhoza kusiyira kasitomala kagawo kosaposa mapaundi 100, ndipo ikhoza kukana ngati munthuyo anachita mphwayi yoonekeratu, koma anthu ofooka amatetezedwa mwapadera. Ku Singapore, kuyambira mu December 2024, pa mtundu wina wa chinyengo amayamba kufunsa ngati banki inachita udindo wake, kenaka kampani ya foni, ndipo kasitomala amasenza yekha pokhapokha onse awiriwo atapezeka kuti anachita zonse zofunika. Sindikuti titengere malamulo a eni ake monga aliri. Ndikungosonyeza kuti maboma ena avomereza mfundo ija ya mu Eksodo, yakuti katundu apite kwa amene anali ndi mphamvu yopewa tsoka.

Maganizo anga ndi awa, ndipo muwayese nokha. Milandu iyi ili mitundu itatu.

Woyamba ndi pamene ndalama zachoka mwiniwake osachita kanthu, monga wina akasinthitsa SIM yake mwachinyengo kapena wantchito wa mkati akatulutsa chinsinsi. Apa wosunga alipire zonse. Ndi chiweto chija chobedwa m'khola la wosunga.

Wachiwiri ndi wa mayi wathu uja, amene anaopsezedwa kapena kunamizidwa mpaka anatumiza yekha. Apa katundu agawidwe, koma gawo lalikulu likhale la makampani, makamaka ngati iye anadandaula msanga koma sanathandizidwe. Kagawo kochepa katsale kwa iye kuti tonse tizikhala maso. Ndipo polingalira za mphwayi tiziyang'ana munthuyo. Agogo amene satha kuwerenga uthenga wa Chingerezi sangayesedwe ndi muyeso umodzi ndi kalaliki wa mu ofesi. Levitiko 19:14 amaletsa kuika chokhumudwitsa patsogolo pa wakhungu, ndipo chenjezo lolembedwa m'chinenero chimene munthu samva silinamuchenjeze.

Wachitatu ndi wowawa kuunena. Ndi pamene munthu walonjezedwa kuti K500 yake ibala K5,000 pa sabata, abale amuletsa, iye nkupitirira. Mu August 2025 a Interpol analengeza kuti ku Zambia kuno kunapezeka chinyengo cha mtundu wa kuika ndalama pa intaneti chimene chinakhudza anthu pafupifupi 65,000, ndipo ndalama zotayika zinali pafupifupi madola 300 miliyoni. Ambiri anakankhidwa ndi umphawi, ena ndi dyera. Pamenepa gawo lalikulu limagwera mwiniwake, ngakhale kuti amene analola akaunti ya mbalazo kugwira ntchito nayenso afunsidwe. Koma kusenza mtengo ndi kwina, kusekedwa ndi kwina. Wotereyu afunika uphungu ndi chifundo chathu.

Tsopano, amayi, muyeso umene tayesera mabanki tiyeni tidziyesere tokha. Msungichuma wathu akaberedwa ndalama za chilimba kapena za Chigwirizano, timatani? Kawirikawiri timamuuza kuti abweze zonse, ndipo mwina amathamangira kaloba, nkumira m'ngongole yoposa yoyamba. Koma tidzifunse. Anasankha kuti ndalama zonse zikhale m'foni ya munthu mmodzi ndani? Kodi tinapangana kuti ndalama zisatuluke popanda amayi awiri kapena atatu kuvomereza? Kodi tinamuphunzitsa machenjerero a akathyali? Iye amatisungira kwaulere, salandirapo kanthu. Ngati sitinamange mpanda padenga, sitingamuimbe mlandu yekha atagwa. Tifufuze moona, monga oweruza a mu Eksodo, ngati sanaikepo dzanja lake. Aonetse mauthenga a m'foni ndi kalata ya kupolisi. Zikaoneka kuti anaberedwadi, tigawane dzenjelo. Mwa amayi khumi, K3,000 ndi K300 aliyense. N'zowawa, koma sizigwetsa banja la munthu. Mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, nazi zimene tingachite kuyambira sabata ino. Wina akaimba foni nakufulumizitsani, dulani, ndipo muimbire nokha kampaniyo kapena m'bale amene akuti wadwalayo. Mukaberedwa musabise chifukwa cha manyazi, pakuti ola loyamba ndi lamtengo wapatali. Dziwitsani kampani kapena banki nthawi yomweyo, lembani tsiku ndi nthawi imene mwadandaula, sungani mauthenga onse, ndipo pitani kupolisi. Nambala ya kathyali ikaperekedwe ku ZICTA, imene inakhazikitsa *707# kuti tizinenezerapo nambala zotere. Ngati dandaulo lanu silikumveka, Bank of Zambia ndiyo imayang'anira mabanki ndi makampani otumiza ndalama, ndipo a Competition and Consumer Protection Commission alipo chifukwa cha ogula ngati ife. Musapite nokha, tengani mayi mnzanu wodziwa kuwerenga. Ndipo pamene aphungu athu abwera kudzalankhula nafe, tiwafunse poyera chimene akuchita kuti woberedwa asamasenze yekha.

Pamsonkhano wanu wotsatira, werengani pamodzi Eksodo 22:7-13 ndipo mukambirane mafunso awiri awa. Kodi ndalama za gulu lathu zili m'manja mwa anthu angati? Nanga pakati pathu alipo amene anaberedwa nakhala chete chifukwa choopa pakamwa pathu? Ngati alipo, tiyambe ndi kumuchezera.

Ambuye atipatse maso openya chinyengo ndi mtima wochitira anzathu chilungamo.