Kafungo ka m'madzi a mmawa

Nkhungu ikadali pa phiri la Zomba, ndipo ndowa zayamba kale kulira pampopi.

Musanatereke madzi a tiyi, tawanunkhizani pang'ono. Kafungo kaja... ndi klorini.

Madziwa atsika kuchokera ku damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri. Asanafike m'ndowa yanu, a Southern Region Water Board awasefa n'kuthiramo klorini wochepa. Payekha, klorini ndi mpweya waukali, wachikasu mobiriwira, wopsereza mapapo. Koma akalowa m'madzi pa muyeso wake, amasanduka asidi wofooka amene amapha tizilombo, ngakhale ta kolera uja anatiliritsa mu 2022 ndi 2023. Klorini akagwirizana ndi sodium, amakhala mchere. Mchere womwewu wothira mu usipa.

Ine zimenezi zimandikhudza mtima. Ukali womwewo, utapeza muyeso, ukusunga ana athu. Mwina ndi mmenenso alili mawu olangiza pakhomo, akanenedwa mofatsa.

Ngati mwatunga pachitsime, mayi, thiranimo klorini wa WaterGuard, muvundikire, mudikire mphindi 30. Kenako apatseni ana amwe.