Moto wa pa Nyumba ya Mnansi

Pamudzi pali malamulo awiri amene mwana aliyense akula nao, ngakhale palibe amene anawalemba. Loyamba ndi lakuti nyumba ikagwira moto munthu sadikira kuitanidwa. Athamanga ndi mtsuko wa madzi kapena nthambi yaiwisi, osafunsa ngati mwini nyumbayo ndi mbale wace kapena ai. Laciwiri ndi lakuti mwamuna ndi mkazi akakangana m'nyumba mwao, wapadera salowamo, pakuti mlandu wotere uli ndi eni ace, ndiwo ankhoswe. Malamulo onse awiri ndi abwino. Bvuto libwera pamene munthu waima pabwalo usiku namva mkuwo, koma osadziwa ngati ndi wa moto kapena wa ndeu ya m'banja.

Funso lomweli liwafikira anthu a maiko oyandikana. Boma la dziko lina likayamba kutseka anthu ace pakamwa, kuba masankho ndi kumanga otsutsa, kodi anthu wamba a tsidya lina la malire acite ciani? Olamulira ayankha msanga kuti imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba. Omangidwa ati ndi moto. Maiko a kum'mawa kwa Ulaya, amene analamulidwa ndi zipani za Cikomyunizimu kucokera itatha nkhondo yaikulu mu 1945 kufikira 1989, alimbana ndi funsoli kwa zaka zoposa 40.

Masiku amenewo ku Poland ndi ku Czechoslovakia bungwe lililonse, kaya la anchito kaya la olemba mabuku, linayenera kukhala pansi pa cipani colamulira. Komabe mu 1976 anthu ena ophunzira a ku Poland anapanga komiti yochedwa KOR, yothandiza anchito amene anamangidwa atacita sitalaka ku Radom ndi ku Ursus. Mu January 1977 anzao a ku Czechoslovakia anatulutsa cikalata ca Charter 77, copempha boma kuti lisunge malonjezo a ufulu wa anthu amene linasainira lokha. Magulu awiriwa anali kumvana mbiri cabe. Koma pamalire a maiko ao pali mapiri a Krkonoše, ndipo pamwamba pace panali kanjira kamene oyenda a mbali zonse ziwiri analoledwa kupitamo. Mu August 1978 Václav Havel ndi anzace anakwera kucokera kumwera, Adam Michnik ndi Jacek Kuroń kucokera kumpoto, nakomana monga anthu ongoyenda kuona mapiri.

Mwezi umenewo zinali zitakwana zaka 10 cilowere asilikali a Soviet Union m'Czechoslovakia ndi akasinja, kukazima kusintha kumene kunayamba ku Prague. Ndipo pakati pa asilikali aja panali a ku Poland omwe. Tsono amene anakomana paphiri anali kudziwa bwino kuti malire aolokedwa m'njira zoposa imodzi. Iwo analibe ndalama zopatsana. Anauzana za anzao omangidwa, nalemba cikalata cimodzi, nabalalika. Pamene anayesa kukomana kacitatu mu October, apolisi a maiko onse awiri anawachingira njira, ndipo Jaroslav Šabata anagwidwa napita kundende. Kanthu aka nkoyenera kukasunga mumtima: apolisi sanakaikepo za kuthandizana modutsa malire. Lamulo lakuti za m'nyumba ya mnzako usalowemo analisungira anthu wamba okha.

Cinansi cimeneci sicinafe. M'zaka za m'ma 1980 acinyamata anali kusenza mabuku oletsedwa m'zikwama za kumsana nadutsa nao mapiri omwewo. Kumayambiriro kwa November 1989 anthu a ku Poland anaitana oimba ndi olemba a ku Czechoslovakia amene boma lao linawaletsa, ku cikondwerero ca mumzinda wa Wrocław, ndipo acinyamata ambiri anaoloka kukawamva. Patapita milungu iwiri misewu ya Prague inadzaza, ndipo pa 29 December Havel anakhala mtsogoleri wa dziko.

Pa cithandizo ca mtundu uwu nkobvuta kupeza cotsutsa. Wothandiza ndi wothandizidwa anali pangozi yofanana, ndipo aliyense akanatha kugona kundende cifukwa ca mnzace. Mwambi wakuti mnzako akapsa ndevu umzimire unena za anthu otere, amene onse ali ndi ndevu ndipo onse akhala pafupi ndi moto.

Mlandu unakula Cikomyunizimu citagwa. Kugwa kwace sikunabweretse ufulu ponseponse. M'maiko ena munauka olamulira amene anali kulola masankho, koma atagwira okha wailesi, apolisi ndi owerenga mavoti. Ndipo tsono panalowa wacitatu, ndiye mlendo wa ndalama. George Soros, wacuma wa ku Amereka wobadwira ku Hungary, anali atatsegula kale bungwe ku Budapest mu 1984 ndi lina ku Warsaw mu 1988. Boma la Amereka linali ndi lace, National Endowment for Democracy, lokhazikitsidwa mu 1983. Ndalama zao zinalipirira maulendo, makina osindikizira ndi misonkhano imene anthu a maiko osiyana anaphunzitsiranamo.

Ku Slovakia, pokonzekera masankho a 1998, mabungwe a anthu wamba anagwirizana pa nchito yochedwa OK'98. Sanauze munthu woti amsankhe. Anayenda m'midzi kufotokoza za masankho, anakopa acinyamata ndi nyimbo, naphunzitsa anthu oyang'anira kuponya voti. Anthu 84 mwa 100 alionse anavota, ndipo Vladimír Mečiar, ngakhale cipani cace cinaposa pang'ono cina ciliconse, analephera kupanga boma. Anthu a ku Slovakia aja anakafotokoza zimene anacita kwa anzao a ku Croatia ndi ku Serbia. Ku Serbia ophunzira a pa yunivesite ya Belgrade anali atayambitsa gulu la Otpor caka comweco. Nzeru imene inapindula koposa inali yapafupi: pamalo alionse ovotera pakhale munthu wolemba zotuluka za pamalopo, kenaka ziwerengero zonse ziphatikizidwe padera, kuti boma likalengeza zina bodza lioneke. Slobodan Milošević anakana kuti wagonja pa masankho a pa 24 September 2000, koma pa 5 October khamu la anthu linadzaza Belgrade ndipo iye anagwa. A Otpor nao anakaphunzitsa gulu la Kmara ku Georgia, kumene Eduard Shevardnadze anatula pansi udindo mu November 2003, ndi la Pora ku Ukraine, kumene masankho obedwa anabwerezedwa mu December 2004.

Olamulira amene anaona zimenezi anati zonsezi ndi dzanja la alendo. Munthu woona mtima sangakane kuti m'mau aowo munali coonadi. Ndalama za Amereka zinafikadi kwa Otpor, ndipo ena a iwo anakaphunzira ku Budapest kwa Robert Helvey, mkulu wa asilikali a Amereka wopuma nchito, za njira zogwetsera boma popanda zida. Caka cimodzi m'mbuyomo, mu 1999, ndege za NATO zinali zitaponya mabomba pa Serbia masiku 78. Nkhalamba ya ku Belgrade inali ndi cifukwa cofunsira kuti dzanja limene dzulo linaponya moto likufunanji lero ndi mtsuko wa madzi. Maboma sathandiza cifukwa ca cifundo cokha. Athandiza msanga kumene wolamulira ali mdani wao, nazengereza kumene ali wogulitsana naye malonda.

Koma pakati pa kunena kuti mlendo anathandiza ndi kunena kuti mlendo anacita pali mtunda wautali. Belarus ndiye mboni. Kumeneko gulu la acinyamata la Zubr linaphunzira nzeru zomwezo kwa aphunzitsi omwewo, koma Alexander Lukashenko anadutsa masankho a 2001 ndi a 2006 ali cikhalire. Cikhala kuti ndalama ndi maphunziro ndizo zigwetsa boma, iye akanagwa monga anzace. Ku Serbia cimene cinathyola msana wa Milošević cinali sitalaka ya anthu a m'migodi ya malasha ku Kolubara, imene magetsi a dzikolo adalira. Anthu amenewa anaika nchito yao ndi moyo wao pangozi cifukwa voti yao inabedwa. Khasu munthu abwereka kwa mnansi, koma msana wowerama nalo m'munda ndi wace. Wolamulira amene anena kuti anthu ace sakanauka popanda kutumidwa awanyoza kuposa mlendo aliyense, pakuti awayesa ana osadziwa pamene papweteka.

Coipa ceniceni ca ndalama za kunja cili pena, ndipo olamulira sacichula kawirikawiri. Bungwe limamvera amene alidyetsa. Solidarność ya ku Poland mu 1981 inali ndi mamembala pafupifupi 10 miliyoni, ndipo atsogoleri ace anayenera kuima pamaso pao ndi kuyankha mafunso. Mabungwe ambiri a pambuyo pa 1989 anakhala maofesi a mumzinda waukulu, a anthu ocepa odziwa Cingerezi, amene luso lao linali kulemba mapempho ndi malipoti opita kunja. Nchito yao nthawi zambiri inali yabwino, koma munthu wa kumudzi sanali kuwadziwa. Cotero pamene Russia mu 2012 inapanga lamulo lakuti bungwe lolandira ndalama za kunja ndi kucita zokhudza ndale lidzilembetse monga nthumwi ya alendo, dzina limene m'makutu a anthu a kumeneko limveka ngati mzondi, mabungwe ambiri analibe khamu lowaimira. Hungary inapanga lamulo lofanana nalo mu 2017, limene bwalo la milandu la European Union linalikana mu 2020. Georgia inapanga lace mu 2024, ngakhale kumeneko anthu zikwi zambiri anatuluka m'misewu ya Tbilisi kulitsutsa. Olamulira nao aphunzitsana modutsa malire, ndipo aphunzira msanga. Ndipo mu 2025 boma la Amereka linatseka bungwe lace la USAID, mabungwe ambiri odalira ndalama zace natsala padzuwa popanda wolamulira wa kwao kuwakhudza.

Palinso za tsiku lotsatira cipambano. Ku Georgia atsogoleri ambiri a mabungwe analowa m'boma la Mikheil Saakashvili, alonda nasanduka olondedwa. Ndipo mu November 2007 boma lomwelo linabalalitsa ocita zionetsero ndi utsi wokhetsa misozi, nilitseka wailesi ya kanema ya Imedi. Ku Ukraine Viktor Yanukovych, amene masankho a 2004 anabedwera iye, anasankhidwa mu 2010. Mnansi amene abwera pa tsiku la moto lokha sadziwa ngati denga latsopano linafoleredwa bwino.

Koma colemera koposa zonse ndi funso lakuti alipira ndani zinthu zikaipa. Wothandiza wocokera kutali akwera ndege nabwerera kwao, wothandizidwa atsala ndi apolisi. Ales Bialiatski anayambitsa bungwe la Viasna ku Belarus mu 1996, lothandiza omangidwa pa zandale ndi mabanja ao. Mu 2003 bwalo la milandu linalicotsa m'kaundula, kotero kuti silinathenso kusunga ndalama ku banki m'dziko lao. Abwenzi a kunja anayamba kuika cithandizo m'mabuku a banki a Bialiatski mwini ku Lithuania ndi ku Poland, maiko amene anali kucirikiza poyera ufulu wa anthu a ku Belarus. Mu 2011 boma la Belarus linapempha maiko awiriwa, monga mwa pangano lothandizana pa milandu, kuti alionetse mabukuwo. Akuluakulu a m'maofesi anaona pempho lolembedwa bwino, natumiza zonse. Bialiatski anamangidwa mu August, ndipo mu November anagamulidwa zaka zinai ndi theka pa mlandu wozemba msonkho. Maboma onse awiri anapepesa. Kupepesako sikunatsegule citseko. Iye anatuluka mu June 2014.

Panalibe munthu ku Vilnius kapena ku Warsaw amene anafuna kumpereka. Anangoiwala kuti pepala limene kwa iwo linali nchito ya tsiku limodzi, kwa mnzao linali zaka. Pamenepa ndi pamene cinansi ca paphiri ca 1978 cisiyana ndi ca m'maofesi: Kuroń sakanaiwala zotere za Havel, pakuti iye mwini anali kuidziwa ndende mkati mwace. Wothandiza amene sali pangozi ali ndi ngongole yoposa ya uja ali pangozi, ndiyo ya kusamala, ya kufunsa mwini nyumba asanacite kanthu, ndi ya kusalankhula m'malo mwace. Ngongole imeneyi si cifukwa cakuti aleke kuthandiza, pakuti popanda ndalama zija mabanja a omangidwa akanasowa owaimira pamilandu, ndipo Bialiatski atatuluka anabwerera ku nchito yomweyo.

Anamangidwanso mu July 2021, ndipo mu March 2023 anagamulidwa zaka 10. Pakati pa zaka ziwirizi, mu 2022, mphotho ya mtendere ya Nobel inaperekedwa kwa atatu pamodzi: kwa iye, kwa bungwe la Memorial la ku Russia, ndi kwa Center for Civil Liberties la ku Ukraine. Ena ku Ukraine anaipidwa, pakuti mu February caka comweco asilikali a Russia anali atalowa m'dziko lao, ena a iwo podzera ku Belarus, ndipo sanaone cifukwa coikira dzina lao pamodzi ndi maina a maiko amenewo. Memorial inali itathetsedwa kale ndi bwalo la milandu mu December 2021, ndipo tsiku lomwelo limene mphothoyo inalengezedwa, bwalo lina ku Moscow linalamula kuti maofesi ace alandidwe. Pa 10 December ku Oslo anaima pamodzi Oleksandra Matviichuk wa ku Kyiv, Yan Rachinsky wa ku Moscow, ndi Natallia Pinchuk, amene analandira mphothoyo m'malo mwa mwamuna wace.