Agologolo a ku White House

M'chaka cha 1954, pabwalo la kum'mwera kwa White House anakonzapo kamalo ka gofu, kuti Pulezidenti Dwight Eisenhower akatopa ndi za mu ofesi azingotuluka panja n'kumagogoda kampira kawo. Kapinga wa pamalo otere si wamba. Amametedwa mpaka kutsala pang'ono kuoneka dothi, amathiriridwa, amasalazidwa, poti kabampu kochepa chabe kamapatutsa mpira. Agologolo a m'mitengo ya pomwepo anaona dothi lofewa bwino, losavuta kukumba, basi n'kuyamba kukwiriramo njere za mitengo ya oak zoti adzadye nthawi yozizira.

Anthu amaikamba moseka nkhaniyi, ndipo m'pake. A Eisenhower ndi amene analamula asilikali oposa 150,000 kuwoloka nyanja kukatsikira ku Normandy pa 6 June 1944. Iwo akanena, zombo zinkanyamuka. Lero akudzuka m'mawa, akupeza kapinga wawo ali maenjemaenje, wokumbayo ali phee panthambi, akutembenuza njere ndi timanja take. Zimamveka kuti tsiku lina, mtima utakwera, anauza wantchito wawo wa m'nyumba, John Moaney, kuti akadzaonanso gologolo pafupi ndi malowo angomuwombera. Palibe anawombera. Osamalira bwalo anatchera misampha yogwira yamoyo, ndipo ogwidwawo ankakatayidwa kutali ndi nyumbayo.

Ine chimene chimandiimitsa n'chakuti awiriwa ntchito yawo inali imodzi: kulowetsa kanthu kozungulira m'dzenje. Mkuluyo ankafuna dzenje limodzi lokha, pamalo ake oyezedwa. Gologolo ankafuna ambirimbiri, chifukwa sasunga chakudya chake malo amodzi. Amakwirira njere iyi apa, ina uko, kuti wakuba akatulukira kwina, kwina kutsale. Zina amaziiwala n'kumera. Kwa iye kapingayo sanali wa pulezidenti, inali nkhokwe yabwino kuposa zonse za m'deralo. Ndipo anaikonza ndani? Omwewo odandaulawo. Akamawonjezera kuthirira ndi kufewetsa, ndiye kuti akumuitana.

Komabe sindifuna kuwaseka kwambiri a Eisenhower. Kumayambiriro kwa 1955, pamene za agologolozi zinkatuluka m'manyuzi, dziko la America ndi la China anali atayang'anizana chifukwa cha tizilumba ta Quemoy ndi Matsu, ndipo akuluakulu ena ankatchula poyera za mabomba a nyukiliya. Munthu wosenza zotere, tsiku lonse akumva malangizo otsutsana, akusaina zinthu zimene zotsatira zake sadzaziona msanga, n'zomveka kuti ankalakalaka malo amodzi pamene akakankha chinthu chimapita kumene wachilozetsa. Mamita ochepa a udzu wosalala. Ndikuganiza kuti mkwiyo wawo unachokera pamenepo, osati pa udzu wokhawo: ngakhale kamalo kameneka kakane kumvera?

Misampha ija itadziwika, nkhani inakula. Seneta Richard Neuberger wa ku Oregon, wa chipani cha Democratic, anaimirira m'nyumba ya malamulo kuikira kumbuyo agologolo, n'kuyambitsa thumba la ndalama zowapulumutsira. Mwina ankawakondadi, mwina anangoona mpata wobaya pulezidenti wotchuka amene anali wovuta kumupezera chifukwa. Zonse ziwiri zimatheka mumtima umodzi. Anthu anakumbutsana kuti Harry Truman, amene analipo a Eisenhower asanalowe, ankawadyetsa agologolo omwewo. Pasanapite nthawi mneneri wa pulezidenti, James Hagerty, anauza atolankhani kuti kutcherako kwatha.

Kukanapitirira, sindikhulupirira kuti kukanathandiza. Kutsidya kwa msewu kuli Lafayette Square, paki yodzaza agologolo, ndipo mpanda wachitsulo woletsa munthu iwo amangodutsa pakati pake. Ukachotsa atatu, malo awo sakhalitsa. Alonda amafunsa chiphaso aliyense wolowa pachipata, koma wodzera m'nthambi amufunsa ndani?

Pali china chimene nyumba zaboma zimabisa ndi utoto wake woyera. Wokhalamo timamutcha mwini nyumba, pamene ndi mlendo wodziwa kale tsiku lake lotuluka. A Eisenhower anakhalamo zaka 8, kuyambira 1953 mpaka 1961. Mitengo anaipeza, agologolo anawapeza. Aliyense wolowamo amabwera ndi kakekake: wina dziwe losambira, wina munda wa ndiwo zamasamba, wina bwalo la masewero, ndipo wobwera pambuyo amasunga kapena kufafaniza mmene wafunira. Kamalo ka gofu kaja Richard Nixon anakachotsa. George H. W. Bush anaikanso kena mu 1991, kenako Bill Clinton n'kukabwezera pafupi ndi pamene panali ka a Eisenhower.

Pakati pa onsewa panadutsa Ronald Reagan. Iye akapita kokapuma ku Camp David ankatola njere za oak m'nkhalango, kubwera nazo m'thumba, n'kumazimwaza panja pa ofesi yake. Nthawi imeneyo kapinga wa gofu panalibe, ndiye panalibenso cholimbirana.