Kodi Muzu wa Tirigu Umapirira?

Mchere ukachuluka m'nthaka, muzu wa tirigu umavutika kuyamwa madzi ngakhale dothilo lili lonyowa. Sodium wambiri akalowa, muzuwo umamubwezera kunja, ndipo wotsalayo umamuchotsa m'timitsempha topita kumasamba. Jini yotchedwa Nax2, yochokera ku tirigu wamakedzana wa einkorn, imathandiza pa ntchitoyi. Mu 2012 asayansi a ku Australia adaonetsa kuti imakweza zokolola za tirigu wa durum ndi 25 peresenti m'minda yamchere.

Ena amati muzuwo ukupirira. Mawuwa ngokayikitsa, chifukwa kupirira kumene zipembedzo zimatamanda kumafuna mtima wotha kusankha kugonja. Yobu akadatha kutukwana Mulungu monga adamuuzira mkazi wake, koma adakana. Muzu ulibe chokana: mchere ukaupyola mphamvu, umangoleka kukula.