ONENERA OSAUKA PA BWALO LA MILANDU

Mau owerenga: Numeri 27:1-11, Miyambo 31:8-9

Pamene ana a Israyeli anali pafupi kulowa m'dziko la Kanani, ana akazi asanu a munthu wina, dzina lace Tselofekadi, anadza ndi mlandu kwa Mose ndi kwa akuru a khamu. Atate wao anafera m'cipululu osasiya mwana wamwamuna, ndipo monga mwa mwambo wa masiku aja dzina lace likadazimirira, ndi gawo lace la dziko likadapita kwa ena. Anamwaliwo sanakhale kuseri kwa nyumba ndi kumang'ung'udza. Ananena poyera, Mose anapita nao mlanduwo kwa Yehova, ndipo Yehova anawalungamitsa. Cotero pempho la ana amasiye asanu linasanduka lamulo la mtundu wonse.

Anali ndi mwai ana aja, pakuti anadziwa khomo lofikapo, napeza munthu wowanenera. Amasiye ambiri a m'midzi ya Katete, Petauke ndi Chadiza alibe mwai wotere. Mwamuna akamwalira, misozi isanaume, abale ace afika ngati miimba: wina amasula ng'ombe m'khola, wina akwera njinga, wina aloza malata a pa denga. Mai wamasiye angoyang'ana pansi, cifukwa aopa kucedwa mfiti kapena wamwano, ndiponso sadziwa kuti cilipo comteteza.

Koma lamulo lilipo. M'caka ca 1989 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inaika lamulo la cuma ca munthu womwalira osalemba cifuniro cace. Cumaco cikagawidwa pa magawo 10, ana alandira 5, mkazi kapena mwamuna wotsala alandira 2, makolo a womwalirayo 2, ndipo gawo 1 ndi la ena amene iye anali kuwasunga. Pa banja la mitala akaziwo agawana magawo awiri aja poyang'ana zaka zimene aliyense anakhala pa ukwati. Nyumba ikhala ya ana ndi wamasiye, ndipo iye akhalamo kufikira imfa kapena kufikira atakwatiwanso. Minda ya m'dziko la mafumu siilowa m'lamuloli. Imeneyo iweruzidwa monga mwa mwambo. Ndipo munthu amene khoti limsankha kuyang'anira cumaco sali mwini wace ai. Ali kapitao cabe, wogawira eni ace. Pa mau amodzi awa mabanja ambiri asauka, cifukwa woyang'anira anadziyesa wolowa nyumba.

Tsono lamulo lolembedwa m'Cingerezi, losungidwa ku Lusaka, lithandiza bwanji mai wosadziwa kuwerenga? Lifanana ndi citsime cakuya copanda cingwe. Boma liri ndi bungwe la Legal Aid Board lothandiza osauka pa milandu, koma maofesi ace ali m'matauni monga Chipata, ndipo ulendo wa kumeneko ufuna ndalama. Ku Local Court, kumene milandu yambiri ya maukwati ndi ya cuma ca masiye ikambidwa, maloya saloledwa kuimirira munthu. Aliyense adzinenera yekha, ngakhale maondo anjenjemera.

Apa ndipo pagona nchito ya amuna ndi akazi ena odzipereka, ocedwa maparaligo. Sali maloya. Ndiwo aphunzitsi opuma nchito, akuru a mpingo, amai a cigwirizano, amene anaphunzitsidwa zoyamba za malamulo ndi mabungwe monga la Cilungamo ndi Mtendere la Akatolika, ndipo ambiri a iwo atumikira osalandira kanthu. Lamulo la caka ca 2021 linazindikira nchito yao. Akhala pansi ndi wolira, namvetsera kufikira mlandu wonse utaturuka, amfotokozera m'cinenero cace cimene lamulo linena, amlembera kalata, aitana abale a mbali zonse pamodzi ndi ankhoswe ndi anyakwawa, kuti ngati nkutheka nkhani ithere pamudzi. Ikakanika, amperekeza ku khoti, kapena kwa apolisi a Victim Support Unit. Alangizanso amoyo kulemba cifuniro cao pamaso pa mboni ziwiri, cinthu cimene ambiri aciopa ngati kuitana imfa, kuiwala kuti wofolera denga m'cilimwe saitana mvula.

Ena anena kuti Mkristu sayenera kupita ku milandu, nakumbutsa za Paulo amene anadzudzula Akorinto posumirana kwa akunja. Indedi anawadzudzula. Koma Paulo anawacititsa manyazi cifukwa pakati pao panasowa wanzeru mmodzi woweruza abale, ndipo anatsutsanso iwo amene anali kulanda za anzao. Paulo yemweyo, pamene anafuna kumkwapula ku Yerusalemu, anachula ufulu wace wa Mroma, ndipo zikoti zinabwezedwa. Wolanda mbuzi za ana amasiye alibe pobisala m'kalata ya kwa Akorinto.

Nchito iyi iri ndi misampha yace. Wothandiza adzapatsidwa nkhuku ndi mbali ina, ndipo akailandira, lilime lace lamangidwa. Adzayesedwa kunenera mbale wace ngakhale ali wolakwa, kapena kuulula pa citsime zimene anamva m'tseri. Adzadedwa ndi amene anazolowera kudya za masiye, ndipo nthawi zina iwowa akhala pa mpando wa kutsogolo m'kacisi. Cifukwa cace mpingo usamsiye yekha. Akuru ampatse cipinda ca pa sukulu kapena pa chalichi tsiku limodzi pa sabata, ndi mapepala olembapo, ndi njinga ya paulendo. Ndipo pa maliro a Mkristu, pamene abale akhala pansi kukamba za katundu, mkuru wa mpingo akhalepo pamodzi ndi wothandizayo, maina a ana onse a womwalirayo atalembedwa kale.