Kuseri kwa Tailosi

Nyumba yakale ikagumulidwa, ambiri amathamangira matailosi ake, pakuti atsopano ndi odula. Koma tailosi yomatulidwa imabwera ndi zakale kumsana kwake: simenti youma kapena guluu wakuda wa phula. Mmisiri weniweni amakhala pansi napala kumsanako pang'onopang'ono. Akapupuluma, tailosi imasweka. Akasiya zibuma, imakhala mopendama, pansi pake pali mphako, ndipo idzang'aluka iye atadya kale malipiro ake. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Funso langa, anzanga, nali: kodi munthu ali ndi mangawa pa cholakwa chimene diso silidzachiona, ndipo palibe adzamlozere chala?

Nkhaniyi siithera pa tailosi yong'aluka. Matailosi ambiri apulasitiki a zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamodzi ndi guluu wake wakuda uja, ankawasakaniza ndi asibesitosi. Ukawapala ouma, fumbi lake limalowa m'mapapo, ndipo khansa yake imatha kudzaonekera patapita zaka 20 kapena 40. N'chifukwa chake Britain adaletseratu asibesitosi mu 1999, South Africa mu 2008.

Tsono taganizani za kontirakitala wodziwa zonsezi, amene apatsa mnyamata ganyu yopala matailosi otere osamuuza kanthu. Podzayamba kutsokomola mnyamatayo adzakhala ali ndi imvi, dzina la bwana uja ataliiwala. Palibe bwalo lidzazenge mlanduwo.

Ena adzati: mnyamatayo akufuna ufa lero, za zaka 30 zikudzazo n'za anthu okhuta. Mawuwa sindiwapeputsa, njala ndimaidziwa. Koma onani amene akupindula nawo. Kumuuza mnyamatayo zoona sikulira ndalama, ndipo madzi onyowetsera matailosi kuti fumbi lichepe ali pampopi pomwepo. Wobisayo sakuchitira chifundo njala ya mnzake, akuigwiritsa ntchito. Wamlanda mwayi wosankha yekha, kuvomera kapena kukana.

Ine ndikuti mangawa alipo, ndipo adayamba tsiku lomwe bwanayo adatseka pakamwa, osati tsiku lodzagwa matenda. Akulu adati mlandu suola. Sadanene kuti umayamba wadikira mboni.

Ifenso tidzachoka pano ndi madigiri, tidzasainira mapulani ndi malipoti amene owakhulupirira sadzatha kuwawerenga. Kumsana kwa tailosi kudzakhala m'manja mwathu, ndipo wotiyang'anira sadzakhalapo.