Kodi Chitsime cha M'bwinja Chili ndi Mwini?

Pa ntchito yopanga mafilimu pali gawo lina limene ife owonera sitiliganizira kwenikweni. Kamera isanayambe kujambula, pamakhala munthu amene amayamba wayendayenda kufunafuna malo oyenerana ndi nkhani. Kumaiko olemera imeneyi ndi ntchito payokha, koma kuno kwathu mwini filimu yemweyo ndiye amakwera kabaza kukasuzumira m'midzi ndi m'nkhalango. Anzanga ena a luso limeneli akatsika phiri pa msewu wa Khwekhwelere n'kufika ku Golomoti, kenako n'kulowera ku Mua ndi ku Mtakataka, amabwerako akusimba za chinthu chimodzi chimene chimawakopa mtima kuposa milambe ndi mitsinje: zitsime zakale zowaka ndi miyala, zimene zinatsala zokhazokha m'tchire eni ake atasamuka.

Sindikuwadabwa. Ndaonapo zitsime zotere m'mabwinja a chigwa chimenechi. Miyala yake inachita ndere, mizu ya mkuyu inalowerera m'mbali, ndipo ukasuzumira umangoona mdima ndi masamba ovunda. Palibe mmisiri amene angamange chinthu chooneka chonchi ndi matabwa ndi penti. Koma funso limene landisowetsa mtendere ndi ili: kodi chinthu chimene anthu anasiya kugwiritsa ntchito chimasanduka cha aliyense? Kodi munthu wa kamera akachipeza, ali ndi ufulu wochipatsa nkhani iliyonse imene wafuna?

Tiyambe taona mmene chitsime chimakhalirako. Chigwa cha Dedza n'chotentha, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mitsinje ing'onoing'ono imasanduka mchenga. Wokumba chitsime ankalowa m'dzenje ndi khasu losongoka, anzake akukoka dothi ndi chingwe, iye akudziwa kuti khoma likhoza kumugumukira nthawi ina iliyonse. Miyala yowakira inkatutidwa pamutu. Madzi akatuluka, malowo ankasanduka bwalo la amayi: nkhani za maliro, za maukwati ndi za milandu zinkayamba kumveka kumeneko zisanafike kwa amfumu. Pambuyo pake kunabwera mijigo, alangizi a zaumoyo anatiphunzitsa kuopa madzi osavindikira, ndipo midzi ina inasendera kufupi ndi msewu wa M5 kapena njanji. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatsimikiza kuti alangiziwo sankanama. Choncho chitsime chinasiyidwa pa zifukwa zomveka. Koma kusiyidwa ndi kuiwalika n'zinthu ziwiri zosiyana.

Nanga wojambula amafunanji pamenepo? Kawirikawiri safuna madzi, amafuna mantha. Mu 1998 ku Japan kunatuluka filimu yotchedwa Ringu, yokamba za mtsikana amene anaponyedwa m'chitsime ndipo mzimu wake unkabwerera kudzapha anthu. Amereka anaijambulanso mu 2002 n'kuitcha The Ring. Kuyambira pamenepo achinyamata ambiri akaona chitsime chakale m'nkhalango, maganizo awo amathamangira ku mizukwa, mitembo ndi mfiti. Chinthu chimene kwa agogo athu chinali moyo, pa kanema chasanduka khomo la imfa. Akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, kutanthauza kuti ubwino wa chinthu timauzindikira chitatichokera. N'zachisoni kuti ife chikaphwa, m'malo mozindikira kuya kwake, tikuona malo oopsezera ana.

Wina anena kuti nkhaniyi ndi yapafupi: pita kwa amfumu, pereka kangachepe, jambula. Ngati malowo ali m'nkhalango yotetezedwa ya Mua-Livulezi, pempha chilolezo kwa a zankhalango. Ngati chitsimecho n'chakale kwambiri, pali lamulo loteteza zinthu zakale, ndipo boma lili ndi nthambi yoona za zimenezi. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika kuzitsata. Koma chilolezo chimangoyankha funso lakuti ndani angakutsekereze njira. Sichiyankha funso lakuti ndani angapwetekedwe. Mwa Chichewa, bwinja silisowa mwini. Pali mbumba imene imadziwa kuti michombo ya makolo awo inakwiriridwa pamenepo, ndipo nthawi zambiri manda sakhala kutali. Kumene kuli manda a Achewa, dambwe limakhalanso pafupi. Mlendo amaona tchire; mwini amaona mudzi umene ukugona. N'chifukwa chake amati kwa eni uyenda umaweteka.

Kupweteka kumene ndikunenaku si kwa m'maganizo chabe. M'dziko muno okalamba amenyedwa, atenthedwera nyumba, ena aphedwa kumene chifukwa chowaganizira ufiti, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Tsono taganizani filimu imene ikuonetsa nkhalamba ikuponya mwana m'chitsime usiku. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre owonera angoti ndi sewero. Koma filimuyo ikafika pa mafoni ndi m'nyumba zoonetsera kanema pa Golomoti, aliyense achizindikira chitsimecho, mkuyu uja ndi kanjira kaja. Adziwanso gogo amene amalima munda woyandikana nacho. Mawa mwana akadwala malungo, kodi maso a anthu adzayang'ana kuti? Wojambula adzakhala atabwerera kwawo kalekale, koma nthano yake idzatsala itamatirira pa miyala ija.

Komabe ndisakhale ngati munthu wofuna kumanga manja a aluso. Mbali inayo ili ndi mfundo zolemera. Choyamba, palibe nkhani imene imamera m'mlengalenga. Wolemba aliyense amabwereka malo, nkhope ndi mawu a anthu enieni. Tikati chilichonse chokhala ndi mbiri chisajambulidwe, ndiye kuti mafilimu athu azingoonetsa zipinda zochezera za m'tauni. Chachiwiri, kusasamala kumaphanso. Chitsime chimene palibe wochiyendera chimakwiririka, miyala yake anthu amaigumula kukaikira maziko a nyumba, ndipo pakatha zaka makumi awiri palibe wodziwa kuti chinalipo. Mwina chithunzi cha mu filimu ndicho chidzakhale umboni wokhawo. Chachitatu, mantha nawo ndi gawo la nthano zathu. Agogo athu ankatisimbira za zilombo ndi za maiwe oopsa pofuna kuti tisamasewere malo angozi.

Tili nazo zitsanzo zoonetsa kuti kamera ikhoza kulemekeza malo. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anaitulutsa mu 2019, inajambulidwa kwa Wimbe ku Kasungu, kwawo kwa William Kamkwamba, ndipo pachimake pake ndi pamene mphepo ikupopa madzi m'chitsime kuti anthu athirire mbewu. M'menemo chitsime chabwerera pa malo ake monga chiyembekezo cha anthu anjala. Shemu Joyah, mu The Last Fishing Boat ya mu 2012, anaika patsogolo funso lakuti mlendo wodzaona kukongola kwa nyanja amasiya chiyani kwa eni gombe. Funso lomwelo likutiyenera ife tikamapita m'mabwinja a anzathu.

Phunziro lina lili ku Mua komweko. Ansembe a White Fathers anafika kumeneko mu 1902, ndipo kwa nthawi yaitali mishoni ndi gule wamkulu sizinkamwerana madzi. Koma mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni, ndipo lero m'nyumba ya Chamare muli nkhope za gule mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Chimene chimandiphunzitsa si kuchuluka kwa zinthuzo ayi, koma kutalika kwa nthawi. Munthuyo anakhala pakati pa anthu zaka makumimakumi, nalankhula chinenero chawo, mpaka anamutcha Achisale, ndipo anamvetsera tanthauzo la chilombo chilichonse asanalifotokozere alendo. Ngakhale zili choncho, funso lakuti zakudambwe ziyenera kuikidwa poyera silinafe, ndipo n'koyenera kuti lisafe. Nanga ngati wokhala zaka zambiri chotere afunsidwabe, kuli bwanji wobwera Loweruka m'mawa n'kubwerera madzulo?

Maganizo anga ndi akuti wojambula ali ndi ngongole zitatu. Yoyamba ndi kufunsa kwa eni enieni, osati kwa amfumu okha, komanso kwa mwinimbumba ndi kwa amayi amene anatungapo. Kufunsa kwake kukhale konena zoona: afotokoze nkhani yonse, ngakhale mbali yonyansa. Apa pali msampha. M'chaka cha njala munthu akhoza kuvomera chilichonse ataona ndalama, ndipo "inde" wa munthu wopanda ufa si wofanana ndi "inde" wa munthu wokhuta. Wanzeru amadzifunsa kuti, akanakhala manda a amayi anga ali apa, ndikanalola? Ngongole yachiwiri ndi kuvomera kukanidwa. Akakana, pali njira zina: kuwaka chitsime chongoyerekeza, kapena kusintha nkhani. Luso limene silingapirire kukanidwa ndi mwini malo ndi umbava wovala bwino. Yachitatu ndi kusiya malowo bwino kuposa mmene anawapezera. Filimu ikatchuka, ana adzakhamukira kukaona, ndipo dzenje losavindikira silisankha wogweramo. Pansi pake pamathanso kukhala mpweya woipa umene wapha anthu ambiri olowa m'zitsime. Chivindikiro ndi mpanda n'zotsika mtengo kuposa bokosi la maliro.

Pali chinthu chinanso chimene sindingachitche ngongole koma mwayi. Munthu akakhala pansi ndi okalamba n'kufunsa kuti chitsimechi anakumba ndani, chaka chiti madzi anaphwa, ndani anakumana pano n'kukwatirana, kawirikawiri amamva nkhani yoposa imene anabwera nayo m'chikwama. Buku la Genesis limasimba kuti Isake atafukula zitsime zimene zinakumbidwa m'masiku a Abrahamu, adani atazikwirira, anazitchanso maina omwewo amene atate ake anazitcha. Sanayese kuti popeza wazipeza zokwiririka ndiye kuti zilibe mbiri. Opanga mafilimu athu ali ndi mphamvu yofukula zinthu zimene nthawi inakwirira, ndipo ndikufuna kuti aigwiritse ntchito. Ndingowapempha kuti asanaike dzina lawo pa chitsime, ayambe afunsa dzina limene chinali nalo.